Munthu Wowerenga Masiku

M'zipatala zikuluzikulu za ku England muli chipinda chimene odwala salowamo, chikhalirecho zonse zokambidwa m'menemo ndi za iwo. Magetsi amakhala ochepetsa kuti zithunzi zizioneka bwino pa masikirini amene ali kutsogolo. Kamodzi pa sabata, m'mamawa maopaleshoni asanayambe kapena pa nthawi ya nkhomaliro, akatswiri osiyanasiyana amasonkhana m'chipindamo n'kuyamba kuitana mayina. Dzina likatchulidwa, dokotala wa maopaleshoni amafotokoza mwachidule za mwini wake: zaka zake, chimene chinamubweretsa, matenda ena amene ali nawo. Katswiri wa zithunzi amaonetsa sikani, kuloza pamene pali chotupa ndi pamene iye akukayikira. Wa ku labotale amaika pa sikirini kachidutswa ka mnofu kamene anakaunika, n'kunena mtundu wa khansayo. Dokotala wa mankhwala a khansa ndi mnzake wa radiyeshoni amagwirizana, kapena amakokana pang'ono. Kenaka namwino amene anacheza ndi wodwalayo maso ndi maso amawakumbutsa kuti mayiwa amakhala okha kunyumba, kapena kuti bambowa ananeneratu kuti mpeni sakuufuna. Pakapita mphindi zochepa amamanga mfundo imodzi, dzina lina n'kuitanidwa.

Msonkhano umenewu kumeneko amautcha MDT, ndipo khansa iliyonse ili ndi wakewake: ya m'mawere, ya m'mapapo, ya m'matumbo, ya m'magazi, ya ziwalo za amayi, mpaka ya pakhungu.

Chakumapeto kwa tebulo kumakhala munthu wina amene salankhula kawirikawiri. Si dokotala, si namwino, ndipo malipiro ake ndi ochepa poyerekeza ndi a anzake m'chipindamo. Manja ake amakhala pa kompyuta. Mndandanda wa mayina umene aliyense wagwira anaukonza ndi iyeyo. Zithunzi zimene zinajambulidwa ku chipatala china anaziitanitsa ndi iyeyo, ndipo dzulo lake anaimbira ku labotale kufunsa ngati zotsatira za mayi wa nambala 14 zikhale zitatuluka kusanache. Mfundo ikamangidwa amailemba pomwepo, aliyense akuona pa sikirini, kuti mawa pasadzakhale woti ine ndinamva zina. Msonkhano ukatha akatswiri amabalalika, wina ku fiyeta, wina ku wodi. Iye amatsala ndi mayina aja, n'kuyamba kuwachita kalondolondo mmodzimmodzi mpaka chimene chagwirizanidwa chichitike. Ntchito yake amaitcha MDT coordinator, ndipo m'zipatala zina amathandizana ndi mnzake wotchedwa tracker. Ine ndimutcha wowerenga masiku, pakuti ntchito yake yeniyeni ndi imeneyo.

Chifukwa chake dokotala mmodzi sakwanira

Malungo amatha kupimidwa ndi kuchizidwa m'chipinda chimodzi tsiku lomwelo. Khansa siitero. Munthu akamva kabulu m'bere, pamafunika mayankho a mafunso atatu asanalandire chithandizo chilichonse, ndipo funso lililonse lili ndi mwini wake.

Loyamba: kodi ndi khansadi? Zimenezi dzanja la dokotala silingatsimikize, ngakhale sikani payokha. Amachotsa kachidutswa ka chotupacho, n'kukaika m'mankhwala oumitsa, kukadula mopyapyala kwambiri, kukapaka utoto, katswiri n'kukaona pa maikulosikopu. Lachiwiri: ndi khansa ya mtundu wanji? Zotupa ziwiri za m'bere zimatha kufanana kukula koma n'kukhala zosiyana khalidwe. China chimakula chifukwa cha mahomoni a m'thupi la mayi, ndipo chimamvera mapiritsi monga tamoxifen. China chili ndi chizindikiro chotchedwa HER2, ndipo chimafuna mankhwala ake, trastuzumab. China chilibe zonsezi. Lachitatu: yafika pati? Pa zimenezi madokotala a dziko lonse amagwiritsa ntchito njira ya TNM, imene anaiyambitsa dokotala wa ku France, Pierre Denoix, pakati pa 1943 ndi 1952. T amanena za kukula kwa chotupa, N amanena ngati khansa yalowa m'mwanabere, M amanena ngati yafalikira ku ziwalo zakutali monga chiwindi, mafupa kapena mapapo. Zilembo zitatuzi zikaphatikizidwa ndiye pamatuluka siteji, kuyambira 1 mpaka 4.

Mayankhowa akapezeka pamatsala nkhani ya dongosolo. Ena amayamba ndi opaleshoni, kemo n'kubwera pambuyo. Ena amayamba ndi kemo kuti chotupa chinyale kaye. Ena amalandira radiyeshoni ndi kemo nthawi imodzi. Kwa ena, chithandizo chabwino koposa ndi chochepetsa ululu, kuti masiku otsalawo akhale a mtendere. Dokotala wa maopaleshoni akamaganiza yekha, maganizo ake amathamangira ku mpeni, chifukwa ndi umene amaudziwa bwino. Wa mankhwala nayenso amakokera kwake. Palibe woipa pamenepa, ndi mmene munthu alili. Koma tsono wodwala amadutsa makomo asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo pakati pa khomo ndi khomo pali mpata pamene fayilo imatha kugona. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Wodwala amene ali wa dipatimenti iyi komanso wa dipatimenti iyo amavumbwa mosavuta, chifukwa aliyense amayesa kuti mnzake ndiye akumuyang'anira.

Mmene zinayambira

M'zaka za m'ma 1990, kafukufuku woyerekeza mayiko a ku Ulaya anaonetsa kuti odwala khansa ku Britain sankakhala ndi moyo nthawi yaitali ngati anzawo a m'mayiko ena olemera. M'dziko momwemo, mwayi wa munthu unkatengera dera limene amakhala ndi dokotala amene wagwera m'manja mwake. Mayi wina ankachitidwa opaleshoni ya bere ndi dokotala amene amachita zotere mlungu uliwonse, wina ndi dokotala amene amazichita kangapo pa chaka. Mu 1995 akulu awiri a zaumoyo, Kenneth Calman wa ku England ndi Deirdre Hine wa ku Wales, anatulutsa lipoti limene mpaka lero limatchedwa ndi mayina awo. Mfundo yake inali yakuti wodwala khansa, kulikonse kumene ali, aziyang'aniridwa ndi gulu la akatswiri a khansa yakeyo, ndipo zipatala zing'onozing'ono zizilumikizana ndi zikuluzikulu. Mu 2000 boma linatulutsa NHS Cancer Plan, imene inalimbitsa magulu amenewa n'kuika malire a masiku odikira.

Umboni woti kukhala pamodzi kumapulumutsa moyo unachokera ku Scotland. Mu 1995 dera la Greater Glasgow linayamba kusamalira khansa ya m'mawere m'magulu, pamene madera oyandikana nalo anapitiriza mwa kale. Ofufuza anatsatira amayi 13,722 n'kusindikiza zimene anapeza mu magazini ya BMJ mu 2012. Magulu asanayambe, imfa za khansa ya m'mawere ku Glasgow zinali zokwera ndi 11 peresenti kuposa madera enawo. Magulu atayamba, zinakhala zotsika ndi 18 peresenti.  Chinasintha ndi mmene anthu ankagwirira ntchito.

Wotchi ikayamba kuyenda

Ku England munthu akadwala amayamba wapita kwa dokotala wa kudera, amene amamutcha GP. Dokotalayu akakayikira khansa amatumiza kalata yachangu ku chipatala chachikulu. Malangizo a bungwe la NICE a mu 2015 amati ngakhale mwayi woti ndi khansa utakhala wa 3 mwa 100, munthuyo atumizidwe. Choncho otumizidwa ndi ochuluka zedi, mamiliyoni pa chaka, ndipo amene amapezekadi ndi khansa sakwana mmodzi mwa khumi alionse. Onsewo amalowa pa mndandanda, ndipo tsiku limene kalata yafika limawerengedwa ngati tsiku 0.

Kuyambira mu October 2023 malire akuluakulu alipo atatu. Pofika tsiku la 28, munthu akhale atauzidwa ngati ali ndi khansa kapena alibe. Dokotala ndi wodwala akagwirizana za chithandizo, chiyambike pasanathe masiku 31. Ndipo kuchokera pa tsiku 0 kufika pa chithandizo choyamba pasapitirire masiku 62. Ngati wodwalayo akuyenera kukathandizidwa ku chipatala china chachikulu, chipatala choyamba chimayesetsa kumupereka pofika tsiku la 38, kuti anzawo atsale ndi nthawi. Amene wadikira kupitirira masiku 104, nkhani yake imaunikidwa payokha kuti aone ngati kuchedwako kwamupweteka.

Masiku 62 amamveka ochuluka, miyezi iwiri yathunthu. Koma tiyeni tiyende ndi munthu mmodzi, tingoyerekeza bambo wa zaka za m'ma 60 amene wakhala akuona magazi m'chimbudzi. Kalata yake yafika Lolemba. Namwino amamuimbira foni, n'kumupatsa tsiku lodzaunikidwa m'matumbo ndi kachubu kokhala ndi kamera. Likhoza kukhala tsiku la 12. Apeza chotupa, atengako kachidutswa. Labotale itenga mlungu umodzi, mwina kuposerapo. Pakufunika sikani ya CT, ndipo chotupa chikakhala chakumunsi pakufunikanso ya MRI. Zonsezi zikapezeka dzina lake lilowa mu MDT. Koma MDT imakumana kamodzi pa sabata. Zotsatira zikachedwa ndi tsiku limodzi lokha, zikafika Lachinayi pamene msonkhano unali Lachitatu, bamboyo wataya masiku asanu ndi awiri. Sikani ikaonetsa kadontho kokayikitsa pachiwindi, pafunika sikani ina, ndi msonkhano wina, mwinanso wa gulu la chiwindi ku chipatala china. Kenaka akumane ndi dokotala kuti amve zotsatira, aganize, akambirane ndi akunyumba. Apimidwe mtima ndi mapapo kuona ngati angapirire mankhwala ogonetsa. Papezeke malo ku fiyeta ndi bedi la odwala mwakayakaya. Palibe pamene wina wachita ulesi, koma masiku 62 atha ngati madzi a m'dengu.

Apa ndi pamene wowerenga masiku amagwira ntchito yake. M'mawa uliwonse amatsegula mndandanda wotchedwa PTL, umene umasungidwa m'mapulogalamu monga Somerset Cancer Register kapena InfoFlex. Dzina lililonse lili ndi nambala pambali pake: tsiku la 9, tsiku la 33, tsiku la 57. Pa dzina lililonse amadzifunsa funso limodzi: chotsatira n'chiyani, ndipo chili ndi tsiku? Ngati dokotala analemba kuti pakufunika sikani koma pempho silinafike kwa ojambula, iye ndiye amazindikira. Ngati sikani yaikidwa tsiku lakutali, amaimba foni kufunsa ngati pali wina amene wasintha tsiku lake kuti malowo atenge bambo aja. Ngati wodwala sanabwere, amafufuza chifukwa: kalata inapita ku adiresi yakale, kapena munthuyo sawerenga Chingerezi, kapena mantha amugwira. Akapeza kuti ndi mantha amauza namwino, chifukwa kulankhula ndi wodwala za matenda ake si gawo lake. Kamodzi pa sabata amakhala pansi ndi mabwana a chipatala n'kudutsa mayina onse amene masiku awathera, ndipo chimene chamukanika iye amachikweza kwa amene ali ndi mphamvu zotsegula fiyeta Loweruka.

Ntchito imeneyi ndi ya mafoni, makalata ndi kukumbutsa. Munthu woigwira ayenera kudziwa mawu a zachipatala osakhala dokotala, ayenera kulimba mtima kugogoda pakhomo la katswiri wamkulu kachitatu pa nkhani imodzi, ndipo ayenera kusunga chinsinsi cha anthu mazana amene sadzawaona nkhope. Odwala ambiri sadziwa n'komwe kuti munthu wotere alipo. Amene iwo amamudziwa ndi namwino wa khansa, amene amawapatsa nambala ya foni tsiku lomwe auzidwa za matendawo. Ambiri mwa anamwino amenewa amatchedwa a Macmillan, potengera bungwe lachifundo limene Douglas Macmillan analiyambitsa mu 1911 bambo ake atamwalira ndi khansa. Namwino amagwira dzanja la wodwala, wowerenga masiku amagwira fayilo yake, ndipo awiriwa akamamvana bwino munthu sasowa.

Kodi masiku ochepa ali ndi kanthu? Mu 2020 Timothy Hanna wa ku Queen's University ku Canada ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa khansa zisanu ndi ziwiri n'kupeza kuti kuchedwetsa chithandizo ndi milungu inayi kumakweza chiopsezo cha imfa ndi 6 mpaka 13 peresenti, kutengera khansa ndi mtundu wa chithandizo. Kuchedwa kukapitirira, chiopsezonso chimakwerabe. Kwa ine nambala imeneyi ndi imene imaika wowerenga masiku uja m'gulu la ochiritsa. Akapulumutsa milungu iwiri pa fayilo imodzi, wachita chinthu chimene chimaoneka m'thupi la munthu.

Tisaganize kuti dongosololi ndi langwiro. Boma linafuna kuti odwala 85 mwa 100 alionse aziyamba chithandizo m'masiku 62, koma chiyambire kumapeto kwa 2015 England yakhala zaka zambiri osafikapo. Kalondolondo sabala makina a sikani, sabalanso akatswiri a labotale. Pali ngozi inanso: chipatala chikamaopa kwambiri nambala, chimatha kuyamba kusamalira nambalayo m'malo mwa munthu, n'kumathamangira amene ali pa tsiku la 60 kusiya amene wadutsa kale malire, poti ameneyo sawonjezeranso chilango. Misonkhano nayo imadzaza. Mayina akachuluka, lililonse limangopatsidwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo mawu a namwino ndi amene amayamba kudulidwa. Choopsa koposa ndi gulu limene lilipo dzina lokha. Ian Paterson, dokotala wa maopaleshoni a mawere m'dera la West Midlands, kwa zaka zambiri anachita amayi maopaleshoni osafunikira, ndipo ena anawasiyira mnofu umene unayenera kuchotsedwa. Anamangidwa mu 2017, ndipo chilango chake chinakwezedwa kufika zaka 20. Lipoti la mu 2020 linatsindika kuti nkhani ya wodwala khansa ya m'mawere aliyense izikambidwa ndi gulu, kaya ali m'chipatala cha boma kaya cholipira. Tebulo lokhala ndi mipando khumi silithandiza ngati mawu amamveka a munthu mmodzi, enawo n'kumangogwedeza mitu.

Za ku Harlem

Ku America nzeru yofananayi inabadwira kwa anthu osauka. Harold Freeman, dokotala wa maopaleshoni pa Harlem Hospital ku New York, ankalandira amayi akuda amene khansa ya m'mawere inali itafika kale patali. Mwa amayi amene chipatalacho chinawathandiza pakati pa 1964 ndi 1986, pafupifupi theka anabwera mochedwa, ndipo 39 okha mwa 100 alionse ndi amene anali moyo patatha zaka zisanu. Freeman anayamba ndi kupima kwaulere, koma anaona kuti mayi amatha kupimidwa, kupezeka ndi chokayikitsa, n'kusowa. Analibe inshulansi, analibe womusiyira ana, ankaopa kuchotsedwa ntchito akajomba, sankakhulupirira chipatala. Mu 1990 analemba anthu ntchito yoperekeza odwala, ambiri a iwo ochokera m'dera lomwelo, kuti aziyenda ndi mayi kuchokera tsiku limene chokayikitsa chaoneka mpaka nkhani yake itatha. Mwa amayi amene anathandizidwa pakati pa 1995 ndi 2000, amene anali moyo patatha zaka zisanu anafika 70 mwa 100. Kupima kwaulere kunathandizapo, operekezawo anathandizaponso, ndipo mu 2005 boma la America linakhazikitsa lamulo lothandiza ntchito yotereyi.

Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku England amalondola fayilo mkati mwa chipatala, pamene wa ku Harlem amalondola munthu mpaka pakhomo pake. Kwathu kuno tikufunika onse awiri, ndipo mwina wachiwiriyo koposa.

Kabuku ndi gadiyani

Ku Malawi wowerenga masiku alipo kale, kungoti salipidwa ndipo sanaphunzitsidwe. Ndi gadiyani. Ndi mlongo kapena mwana wamkazi amene amagona pansi pafupi ndi bedi, kuphika ku khitchini ya magadiyani, n'kusunga kabuku ka kuchipatala m'pepala la pulasitiki kuti kasanyowe. Mbiri yonse ya matenda imakhala m'kabuku kameneko. Ubwino wake ndi wakuti kamayenda ndi mwini wake kuchokera ku chipatala chaching'ono, kupita cha paboma, mpaka ku Queens, ku Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu. Kuipa kwake ndi kwakuti wodwala akachoka, kabukuko kamachoka naye, ndipo pachipatala sipatsala chokumbutsa aliyense kuti Lachiwiri lapitali panayenera kubwera munthu amene sanabwere.

Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi khansa ya kummero zimasautsa kwambiri pa dziko lonse. Makomo athu ndi otalikirana. Mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa akauzidwa kuti abwerenso pakatha milungu itatu kudzamva zotsatira, mawu amenewo amatanthauza mbuzi yogulitsa, munda wosiyidwa pa nthawi yopalira, ana osiyira agogo. Akabwera n'kupeza zotsatira sizinatuluke, ulendo wachitatu sauyendanso. Pakabuku pamangolembedwa kuti anasiya chithandizo, ngati kuti anachita kufuna. Kwa zaka zambiri amene ankafunika radiyeshoni ankayenera kutuluka m'dziko, kupita ku Zambia, ku Tanzania, ku Kenya kapena ku India, ndiye pa makomo aja pankaonjezereka pasipoti ndi mndandanda wodikira.

Pali zinthu zimene zasintha, ndipo n'zofunika kuziona bwino chifukwa zonse zikuloza kumodzi. Labotale younika minofu ya pa Kamuzu Central Hospital inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina. Isanatsegulidwe, zidutswa za ku Lilongwe zinkatumizidwa ku Blantyre, ndipo yankho linkatenga nthawi yaitali. Labotaleyi inayambitsanso msonkhano wa mlungu ndi mlungu umene madokotala osamalira odwala ndi akatswiri a ku labotale, ena ali ku Lilongwe ena ali ku America, amaonera limodzi zithunzi za minofu kudzera pa intaneti. Imeneyo ndi MDT, yopangidwa molingana ndi zimene tili nazo. Ku Nkhoma, kuyambira 2013, mothandizana ndi anzawo a ku Scotland, anayamba kupima khomo la chiberekero ndi viniga n'kuwotcha malo okayikitsa ndi kachipangizo kotentha tsiku lomwelo. Mayi sauzidwa kuti abwerenso. Makomo awiri anawasandutsa limodzi, mpata wosowerapo n'kutsekeka.

Ku wodi ya ana odwala khansa ku Queen Elizabeth Central Hospital, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux anagwira ntchito zaka zambiri, phunziro linali lowawa koma lomveka. Khansa ya Burkitt, imene imatupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana, ndi imodzi mwa khansa zokula mofulumira koposa, moti chotupa chimatha kuwirikiza kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri. Koma imamveranso mankhwala mofulumira. Mwana akalandira kemo woyamba, chotupa chimanyala, mwana n'kuyamba kusewera, ndipo makolo amene ndalama zawathera amaona ngati wachira. Akapita kumudzi osamaliza, khansa imabwerera ili yolusa. Madokotala atakhala pansi ndi magadiyani n'kumva zimene zimawachotsa, anapeza kuti mbali ina ya mankhwala ndi ndalama ya thiransipoti, chakudya cha mayi ndi mwana, chiponde, kufotokoza momveka m'chinenero chawo, ndi munthu wokwera njinga yamoto kukafunsa kumudzi chifukwa chimene mwana sanabwerere.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti luso la kalondolondo sitikuyenera kukaligula kunja. Tinaliphunzira ndi ma ARV. Chiyambire 2004, pamene mankhwalawa anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma, dziko lino lakhala likusunga khadi la munthu aliyense pachipatala, lokhala ndi tsiku lake lobwera, ndipo miyezi itatu iliyonse zipatala zimawerengera amene ali moyo, amene asamuka, amene amwalira ndi amene asowa. Ku Lighthouse ku Lilongwe anakhazikitsa dongosolo lakuti munthu akadumpha tsiku lake kwa milungu ingapo, kompyuta imatulutsa dzina lake, wina n'kumuimbira foni, ikakanika n'kupita kukamuona. Alangizi a zaumoyo m'midzi amachita zomwezo ndi odwala TB ndi ana a sikelo. Khansa ndi yovuta kuposerapo chifukwa imadutsa m'madipatimenti ambiri, koma mfundo yake ndi yomweyo: kaundula mmodzi amene amatsala pachipatala, ndi munthu mmodzi wodziwika dzina amene ntchito yake ndi kumutsegula m'mawa uliwonse.

Kaundula wotere sayenera kudikira kompyuta. Buku la chikuto cholimba likhoza kuyamba ntchitoyi, bola mzere uliwonse ukhale ndi tsiku limene kachidutswa kanatengedwa, tsiku limene kanatumizidwa, tsiku limene yankho linabwera, tsiku limene mwini wake anauzidwa, ndi tsiku limene chithandizo chinayamba. Bokosi lopanda kanthu limaoneka lokha. Mzere umene uli ndi yankho koma ulibe tsiku louzidwa ndi wa munthu amene ali kumudzi, khansa yake ikudziwika ndi labotale koma iye sakuidziwa.

Kuti munthu ameneyo apezeke, zimatengera zimene zinalembedwa tsiku loyamba, pamene anali atakhala pa benchi kabuku kali m'manja. Nambala imodzi ya foni siikwanira, chifukwa foni imagulitsidwa, imathera moto, kapena imakhala ya mlamu amene anapita ku Joni. Pafunika nambala ziwiri kapena zitatu, ndi chilolezo cha wodwalayo chonena amene angauzidwe ndi amene sayenera kuuzidwa. Pafunika dzina limene amadziwika nalo kumudzi, pakuti la pakabuku anthu sangalidziwe, koma mukati make Chikondi aliyense akulozerani. Pafunika mudzi, mfumu yaing'ono ndi mfumu yaikulu, chipatala chaching'ono chapafupi, ndi mlangizi wa zaumoyo wa deralo. Kenaka kalaliki afunse njira, n'kulemba monga mmene wodwalayo akunenera: mukatsika pa sitolo, mutsate msewu wa ku mjigo, mudutse chigayo, nyumba yachitatu ya malata, pali mtengo wa mango pakhomo.